Chilimwe m'Nyumba ya Ameya

Belu lija linali lamkuwa, laling'ono ngati kapu ya tiyi yovundikira, lokhala ndi kabatani pamwamba. Ukalimenya ndi chikhatho linkalira kamodzi, ngee, ndipo kulirako kunkatsalira m'makoma kwa kanthawi. Linkakhala pa katebulo pafupi ndi mpando wa adona, pakati pa botolo la mankhwala ndi tambula ya madzi. Kalekale linkakhala pa kauntala ya sitolo ya bambo awo, pomwe ogula ankaliliza akafuna misomali kapena malata. Chilimwe chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mpaka lero ndikamva belu lotere pahotela kapena kuchipatala, ndimatembenuka ndisanakumbukire n'komwe chifukwa chake.

M'nyumbamo ine sindinkayenera kupezekamo. Amayi ankagwira ntchito kukampani ina yotumiza anthu kukasamalira okalamba m'makomo mwawo. Anawapatsa adona amenewa, mayi wachizungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, kuti aziwasambitsa, kuwaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala kuyambira m'mawa mpaka folo koloko. Dzina loti adona anawapatsa ndi amayi, ndipo ankalitchula tikakhala patokha. Lamulo la kampani linali lomveka bwino: kuntchito sabwerako ndi mwana. Koma sukulu zinatsekera pakati pa Disembala, mwezi umene chilimwe cha kuno chimayamba, mayi wa kutchalitchi amene ankandisunga anasamukira kutali, ndipo amalume, omwe tinkakhala nawo ku Girrawheen, dera lina la mzinda wa kutsidya kwa nyanja kumene tinasamukira, anali atangopeza ntchito yonyamula makatoni a masamba kumsika waukulu wa ku Canning Vale. Kundisiya ndekha kunali koopsa, chifukwa aneba a kuno sachedwa kuimbira aboma. Abambo anali akadali ku Lilongwe kudikira mapepala. Mapepala awo anatsamira pa viza ya amayi, ndipo viza ya amayi inatsamira pa ntchitoyo.

Zonsezi amayi anandifotokozera m'basi, monong'ona, ngakhale kuti munalibe wina womva Chichewa. "Ukakhale ngati kulibe," anatero. "Usakatsokomole n'komwe. Wamva?" Ndinayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira masiku amenewo, ndipo anandibwerezetsa mpaka ndinati, "Ndamva, amayi."

Tinkakwera basi, kenako sitima, kenako n'kuyenda wapansi mphindi khumi m'mithunzi ya mabulugamu. Nyumbayo inali ya njerwa zofiira, khonde lozungulira, yokalamba kuposa nyumba zonse za mumsewumo. Amayi ankandilowetsera kuseri, m'kachipinda kochapira zovala kamene kanali kolumikizana ndi khitchini. Ankandisiyira buku, botolo la madzi ndi buledi wopaka chiponde. Denga lake linali la malata opanda siling'i. Ikamakwana leveni koloko malatawo ankayamba kuthetheka ndi kutentha, thukuta n'kumayenderera kumsana mpaka m'kabudula wamkati. Panja akhwangwala a kuno ankalira ngati munthu wodandaula. Ndinkamva belu, kenako mapazi a amayi, kenako zii. Masiku anayi ndinakhala choncho, ndikugwira mkodzo mpaka amayi atabwera kudzandiuza kuti adona agona.

Tsiku lachisanu belu linalira kawiri. Ndinamva mawu okalamba, osafulumira, akunena m'Chingerezi kuti, "M'nyumba muno muli timapazi ting'onoting'ono." Maso a adona anali atachita ng'ala, koma makutu awo ankamva ndi nyerere yomwe.

Amayi anabwera kudzanditenga. Titafika pabalaza anagwada. Ndikukhulupirira kuti adona anali asanaonepo munthu akuwagwadira, chifukwa anatambasula dzanja n'kumafufuza mumlengalenga pomwe nkhope ya amayi inkayenera kukhala. Amayi anapepesa, anafotokoza za sukulu, za abambo, mawu akudukaduka. Adona anatsitsa dzanja lawo. Anangofunsa kuti, "Amatha kuwerenga?"

Umo ndi momwe ndinachokera kochapira n'kukafika pabalaza. Pansi pa windo panali bokosi la lata lodzaza ndi zidutswa za nyuzipepala zakale, zachikasu, zofewa ngati masamba ouma a fodya. Zonse zinali zokhudza munthu m'modzi, bambo a adona. Kwa zaka zingapo adona anali asakutha kuziwerenga, ndipo ankati mwana wawo alibe nazo ntchito. Ine ndinkakhala pa kapeti, fani ikuzungulira pamwamba, n'kumawerenga mokweza. Ndikalakwitsa mawu ankandikonza asanatsegule n'komwe maso. Ndikamaliza chidutswa ankawonjezera zomwe anyuzipepala sanalembe.

Mkuluyo anafika m'dziko muno pa sitima ya pamadzi ali wachinyamata, atanyamula sutikesi imodzi. Inali nthawi imene aliyense ankathamangira kuchipululu cha kum'mawa kukakumba golide. Iye anapita nawo, koma sanakumbe. Anaona kuti okumbawo akufa ndi ludzu, ndiye anagula ngolo, hatchi ndi thanki, n'kuyamba kuwagulitsa madzi. Adona ankaseka akafika pamenepa. Ankati bambo awo sanagwirepo fosholo, koma golide yense wa kumeneko ankadutsira m'thumba lawo. Atabwerera kutauni anatsegula sitolo ya malata, matabwa, misomali, utoto ndi nyali. Tauni inkakula, ndipo aliyense womanga nyumba ankayenera kudzera kwa iye. Anthu anamusankha kukhala khansala, kenako meya wa dera lonselo, kangapo konse. Ndiye amene anamenyera nkhondo kuti m'misewu mukhale magetsi. Anamangitsa holo, anapereka malo oti ana azisewerapo mpira, ndipo mliri wina utagwa anatulutsa katundu m'nyumba yake yosungiramo malonda kuti muikidwe mabedi a odwala. Akazi amasiye ankawakhomera denga osawauza kuti alipire. Pa chithunzi chimene chinali pakhoma anaima atavala unyolo waumeya pachifuwa, ndevu zosamalidwa bwino, maso akuyang'ana patali.

Ndisaname, ndinamukonda munthuyo. Mwana amene bambo ake ali kutali amatola bambo paliponse pomwe wawapeza. Madzulo ndinkafotokozera amalume zimene ndawerenga, iwo akuvula nsapato zonunkha anyezi, ndipo nkhaniyo inawalowa kuposa ine. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi anatikweza m'kagalimoto kawo n'kutipititsa kukaona holo ija. Inali ikadalipo, yopakidwa laimu, ndipo pakona yake panali mwala wolembedwa dzina la mkuluyo. Amalume anawerama n'kuusisita ndi zala.

"Mwaona, achemwali? Sutikesi imodzi," anatero. "Ifenso tinabwera ndi imodzi. Ine makatoni amenewa sindifera nawo ayi. Ndigula vani yanga yonyamulira katundu."

Amayi anangoti tiyeni, dzuwa lakula.

Komabe kuwerengako sikunachotse lamulo. Lachinayi lililonse kunkabwera mwana wa adona, bambo wa imvi, wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo supavaiza wa kukampani ankatha kutulukira tsiku lililonse osanena. Adona ndiwo anandisonyeza pobisala. M'khitchini munali kachipinda kosungiramo zakudya, kopanda windo, ndipo pansi pa shelefu yomaliza panali mpata wokwana mwana atapinda miyendo. Munkanunkha sopo wakale ndi ufa wovunda. Matayala akangolira pa miyala ya pakhomo, ine ndinali nditalowa kale. Ndinkakhala mumdimamo mpaka chitseko chakumaso chitatsekedwanso.

Tsiku loyamba nditatuluka, adona anati, "Ndi momwemo ankabisala iyenso."

Sindinafunse kuti ndani. Yankho linabwera lokha, pang'onopang'ono. M'mawa mutu wa adona unkagwira bwino kwambiri, koma dzuwa likapendeka unkayamba kusokonekera. Ankaiwala chaka chimene tili. Ankafunsa ngati hatchi yamwetsedwa. Ndipo ankanditchula dzina lina, la mtsikana, limene sindilemba pano chifukwa si langa. Ndikawauza dzina langa lenileni ankagwedeza mutu ngati avomera, kenako n'kubwereranso ku lakalelo.

Nkhani yake inali yotere, monga ndinailumikizira. Adona ali mwana, panyumbapo pankagwira ntchito mayi wochapa zovala, wa mtundu wa Noongar, eni ake a dziko lino kuyambira azungu asanabwere. Ankagona m'kachipinda kochapira komwe kaja ndinakhalamo ine, pamodzi ndi mwana wake wamkazi, msinkhu umodzi ndi adona. Awiriwo ankasewera limodzi pansi pa mtengo wa mabulosi kuseri, mpaka milomo ndi madiresi zitada bii. Masiku amenewo boma linkalanda ana a anthu amenewa n'kukawasunga kutali ndi makolo awo, ati kuti akaphunzire moyo wabwino. Galimoto ya abomawo ikaoneka mumsewu, mayi wochapayo ankamulowetsa mwana wake pansi pa shelefu, adona n'kumakhala pakhomo pake akusewera ndi chidole ngati palibe kanthu. Anapulumuka choncho kangapo.

"Koma tsiku lina bambo anali pakhomo," ankatero adona. Akafika pamenepo ankasiya. Nthawi zonse ankasiyira pomwepo, n'kupempha madzi.

Lero ndikudziwa kuti zimenezi zinachitikadi kwa mabanja ambiri, ndipo zimaphunzitsidwa m'sukulu. Nthawi imeneyo aphunzitsi athu anali asanatiuze. Ine ndinangotenga zimene ndinali nazo n'kuziphatikiza. Kuli galimoto. Imatenga ana akuda. Amabisala pansi pa shelefu. Ine ndine wakuda, ndipo ndikubisala pansi pa shelefu yomweyo. Amayi anali atandiuza kuti tikagwidwa ntchito itha, koma ndinaganiza kuti akundibisira zenizeni pofuna kuti ndisachite mantha.

Ndinafunsa amalume ngati aboma akadali kutenga ana. Anaseka n'kundigwira pamutu. "Zakalekale zimenezo, mwana iwe. Wazimva kuti?" Koma tsiku lomwelo ndinawamva akukangana ndi amayi m'khitchini, mawu atatsitsa, ndipo ndinatola mawu awiri okha: mwanayu, ndi aboma. Kwa ine umenewo unali umboni wokwanira.

Ndinasiya kumaliza chakudya. M'sitima ndinkayang'ana nkhope za anthu ovala mayunifolomu kuti ndione ngati akundizindikira. Ndinatenga bolopeni n'kulemba nambala ya foni ya abambo pantchafu panga, pomwe diresi linkabisa, kuti akanditenga ndikathe kuwaimbira. Inki ikayamba kufufutika ndi thukuta ndinkabwerezamo. Amayi anaiona tsiku lina akundithandiza kuvala. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anaizindikira, kenako anatenga kansalu konyowa n'kuyamba kupukuta mpaka khungu linayamba kuwawa. Sanandifunse kanthu. Kwa zaka zambiri ndinawasungira mkwiyo pa chimenechi. Pano ndili ndi zaka zimene iwo anali nazo nthawiyo, ndipo ndikuona kuti akanati andifunse, akanayenera kundiyankha, ndipo yankho lotonthoza analibe. Nawonso ankagona ndi mantha awo.

Kumapeto kwa Januwale kunabuka moto wolusa kumapiri a kum'mawa kwa mzinda. Utsi unaphimba thambo, dzuwa linafiira ngati khala, ndipo phulusa linkagwera pa zovala zoyanikidwa. Linali Lachiwiri, tsiku limene sitinkayembekezera munthu. Nthawi inali itapitirira thu koloko. Amayi anali kuseri akuanula mashiti a bedi kuti asade ndi phulusa. Ine ndinali pa kapeti, ndikuwerenga za tsiku limene ameya anayatsa magetsi oyamba mumsewu waukulu, anthu akuwomba m'manja.

Matayala analira pa miyala. Ndinasuzumira pa katani. Inali galimoto yoyera yolembedwa mawu pachitseko, ndipo munatuluka mwana wa adona ndi mayi wina wonyamula fayilo, khadi likulendewera pakhosi. Pambuyo pake ndinadzamva kuti mayiyo anabwera kudzaona ngati adona angathebe kukhala m'nyumba mwawo kapena ayenera kupita kumalo osungirako okalamba. Za ine sankadziwa n'komwe. Koma ine ndinaona galimoto, fayilo ndi khadi, ndipo miyendo inandithamangitsa yokha. Ndinasiya nyuzipepala zili mbwee pa kapeti.

Ndili pansi pa shelefu ndinamva kiyi akuzungulira, mawu a moni, kenako belu. Silinalire kamodzi ngati masiku onse. Linalira mosalekeza, ngee ngee ngee, ngati munthu akulimenya ndi chibakera. Kenako linagwa pansi n'kugubuduzika. Ndinamva chitsulo choyendera cha adona chikukhukhuluzika pa matabwa, mofulumira kuposa momwe ndinali nditamverapo, chikubwera kukhitchini. Mthunzi unatseka kuwala kwa pansi pa chitseko. Adona, amene kuchoka pampando kupita kubafa ankafuna amayi awagwirire, anali atafika okha n'kutsamira msana pa chitseko changa.

"Simumutenga!" anakuwa. "Muno mulibe munthu! Bambo, auzeni kuti muno mulibe munthu!"

Mwana wawo ankawanyengerera. Ankati, "Amayi, ndine. Agogo anamwalira kalekale. Khalani pansi." Mayi wa fayilo uja ankalankhula mofatsa. Ndinamva chitseko chakuseri, amayi akulowa mothamanga. Kenako chitsulo chija chinaterereka, china chake cholemera chinagwa, ndipo adona analira kulira kumene sindikufuna kukufotokoza.

Atawasuntha pang'ono, mwana wawo anatsegula chitseko kuti aone chimene ankatchinga. Anawerama. Anandipeza nditadzipinda, manja kumakutu, diresi litanyowa ndi mkodzo. Tinayang'anana. Ndikukumbukira kuti nkhope yake sinali yaukali. Inali ya munthu wotopa amene wapeza chinthu china chowonjezera pa zimene anali nazo kale.

Ambulansi inabwera n'kuwatenga adona, fupa la m'chiuno litathyoka. Mayi wa fayilo anandipatsa madzi, anandifunsa zaka zanga ndi kuti ndakhala ndikubwera kuyambira liti, n'kulemba. Ndinayankha zoona zokhazokha, ndikudikira kuti andigwire dzanja kupita nane kugalimoto. Sanandigwire. Amayi anandimanga juzi yawo m'chiuno kuti ibise ponyowapo, ndipo tinayenda mu utsimo mpaka kusiteshoni. Tisanafike n'komwe kunyumba foni yawo inalira. Anauzidwa kuti asabwerenso kuntchito mpaka nkhaniyo itaunikidwa.

Masabata atatu otsatirawo ndi amene anali otalika kuposa onse. Amayi ankadzuka nthawi yomwe ija, kusamba, kuvala, n'kukhala patebulo foni ili patsogolo pawo. Positi ikafika ankatuluka opanda nsapato. Amalume ankabwera ndi makatoni a tomato wofewa ndi kabichi wotsala kumsika, ndipo za vani sanazitchulenso. Amayi a kutchalitchi anabwera kawiri kudzapemphera, akuimba motsitsa kuopa aneba. Lamulungu lililonse abambo akaimba foni, amayi ankati, "Kuno tonse tili bwino," akundiyang'ana m'maso kuti ndisatsegule pakamwa. Ine ndinkadziwa kuti ndalakwa, koma sindinkadziwa polakwapo. Kodi ndi pamene ndinathawa, kapena pamene ndinasiya nyuzipepala pa kapeti, kapena pamene ndinanena zoona? Ndinkazitembenuza m'mutu osapeza poyambira.

Tsiku la msonkhano wounika nkhaniyo kukampani, amayi anavala suti yawo ya kutchalitchi. Anabwerako madzulo, anakhala pa mpando, anavula nsapato, kenako anayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mwana wa adona anali atabwera yekha kumsonkhanoko, osaitanidwa. Anauza akuluakulu a kampaniyo kuti mayi ake ndiwo anapempha kuti mwana azibwera kudzawawerengera, ndipo kuti chilimwe chimenecho anawaona akudya ndi kuseka kuposa zaka zonse zapitazo. Sizinali zoona zonse, koma sizinalinso zabodza zonse. Amayi anapatsidwa chenjezo lomaliza n'kutumizidwa kunyumba ina. Ntchito inapulumuka. Abambo anafika m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira.

Adona sanabwererenso kunyumba ya njerwa zofiira. Atatuluka m'chipatala anawapititsa kumalo osungirako okalamba. Sukulu zitatsegulira, mwana wawo anaimbira amayi n'kunena kuti mayi ake akufunsa za mwana tsiku ndi tsiku, ndipo sakudziwa kuti akunena mwana uti, koma akuganiza kuti ndi ine.

Amalume anatiperekeza Loweruka m'mawa n'kutsala m'galimoto. Chipindacho chinali choyera, chozizira ndi makina, chonunkha mankhwala opukutira pansi. Adona anali atachepa kwambiri. Pabedipo ankaoneka ngati mwana wovekedwa tsitsi loyera. Amayi anawapatsa moni n'kuwakonzera pilo mwachizolowezi. Ine ndinaima kumiyendo kwa bedi mpaka amayi anandikankhira kutsogolo.

Palibe amene anawafunsa. Anangoyambira pomwe ankasiyira paja.

Anati tsiku limenelo bambo awo anali pakhonde, atavala kale suti yopitira kukhonsolo. Galimoto itaima, adonawo anathamangira kukhitchini n'kukhala pakhomo pa kachipinda kaja ndi chidole chawo. Anamva bambo awo akulankhula ndi abomawo mwaulemu, ngati anthu odziwana. Kenako bambo awo analowa okha m'khitchini, anawanyamula n'kuwaika pambali, anatsegula chitseko, n'kumuitana mtsikanayo ndi dzina lake. Anatuluka chifukwa ankawakhulupirira. Pepala anasainira patebulo la m'khitchini, ndi cholembera chomwe ankasainira za khonsolo. Mayi wochapa anathamangira galimotoyo mpaka kumapeto kwa msewu, manja ali thovu lokhalokha. M'mawa mwake anali atachoka, ndipo sanamvekenso.

"Mayi anga ndiwo anaumirira," anatero adona. "Zisankho zinali pafupi. Ankati anthu ayamba kuyang'anitsitsa."

Amayi anasiya kusalaza bulangeti.

Adona anatulutsa dzanja lawo lamanzere n'kuliimika m'mwamba. Chala chaching'ono chakumapeto chinali chokhota, chopindikira mkati ngati mbedza. Ndinali nditakhala nawo chilimwe chonse, koma ndinkayesa kuti ndi ukalamba chabe. Anati anabadwa nacho. Anati bambo awo anali nacho, n'chifukwa chake pojambulitsa ankaika dzanjalo m'thumba. "Iyenso anali nacho," anatero. "Tinkazilumikiza pansi pa mabulosi, changa ndi chake. Zinkakolana bwinobwino."

Kenako anati, "Bwera nalo dzanja lako."

Ndinawapatsa. Zala zawo zinali zozizira ndi zouma. Anafufuza kuyambira chala chachikulu, chimodzichimodzi, mpaka anafika pa chomaliza. Anachisisita kuchokera pansi kufika kunsonga. Anabwereza. Anapempha dzanja linalo n'kuchita chimodzimodzi. Zala zanga zonse n'zowongoka ngati za abambo anga.

"Si iwe," anatero motsitsa. Sanandisiye dzanjalo. Anangotembenuzira nkhope kukhoma, misozi n'kumatsikira m'khutu. Pakhomo pa chipindacho panali pataima mwana wawo, ndipo sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anali atatsitsa maso, akuyang'ana dzanja lake.

M'galimoto amalume anafunsa kuti zayenda bwanji. Amayi anawayankha ndi mawu ochepa, mofulumira, m'Chichewa chozama chimene ankagwiritsa ntchito akafuna kuti ndisamve. Amalume anangoti, "Ha!" ndipo ulendo wonse sanayatse wailesi. Ine ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani adona alira chala changa. Amayi anati ndidzamva ndikadzakula.

Ndinakhala kumbuyo ndikuyang'ana manja anga. Ndinkaona ngati andipatsa mayeso ndipo ndalephera, kuti mayi amene anathyoka chiuno chifukwa chonditchinga anafuna kanthu kamodzi kokha kwa ine ndipo ndinalibe. Sindinkadziwa kuti chala chotere mwana sachitola posewera, amachitenga m'magazi. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kuyatsira tauni yonse magetsi n'kutsegulira alendo chitseko chimene mwana wake wabisalako. Chimene ndinkadziwa n'chakuti chala changa n'chowongoka. Ndiye kuyambira pamenepo mpaka tinakafika ku Girrawheen, ndinkachipinda ndi dzanja linalo, mwamphamvu, ndikuyembekezera kuti tikadzapitanso chidzakhala chitakhota.